Wapima Maso, Nanga Mandala Agula Ndani?

Sukulu iliyonse idamangidwa pa chikhulupiriro chimodzi chimene sitichitchula konse, chakuti mwana aliyense amene wakhala m'kalasi akuona zimene zalembedwa pa bolodi. Mphunzitsi amalemba, n'kutembenuka, n'kufunsa ngati onse aona, ndipo kalasi imavomera ndi mawu amodzi. Koma pakati pa ovomerawo sipalephera kukhala mmodzi kapena awiri amene pa bolodipo akungoona mbuu, ngati nkhungu ya m'mawa kudambo. Funso limene ndikufuna kuti tisinkhesinkhe pamodzi, anzanga, ndi ili: boma limene limaitana mwana kusukulu, penanso kumkakamiza ndi lamulo, lili ndi mangawa anji pa maso a mwanayo? Likampima n'kumuuza kuti maso ake ali ndi vuto, kodi latsiriza udindo wake? Kapena lamulo lopima maso limabereka linzake, lopereka mandala?

Ena aseka kuti nkhani ya mandala ndi yochepa, yosayenera kuthera inki ya magazini ino. Komatu m'chaka cha 2019 bungwe la WHO lidalengeza kuti pa dziko lonse anthu osachepera 2.2 biliyoni ali ndi vuto la kuona, ndipo mwa iwowa osachepera 1 biliyoni vuto lawo likadatha kupewedwa kapena likudikirabe thandizo. Ambiri mwa odikirawo sakufuna mpeni wa dotolo kapena mankhwala a mtengo wapatali. Akungofuna tigalasi tiwiri ndi kawaya kotikoleka pamphuno. Ndiponso nkhani yochepa yomweyi idatulutsapo nduna m'boma la Britain, monga tione kutsogoloku.

Tiyambe ndi liwu lenilenilo. Ku Blantyre kuli malo otchedwa Mandala chifukwa cha John Moir, mmodzi mwa abale awiri amene ankayendetsa kampani ya African Lakes yomwe idakhazikitsidwa mu 1878. Anthu adamtcha dzinali poona kunyezimira kwa magalasi ake. Chiyambire nthawi imeneyo mandala akhala kwa ife chizindikiro cha bwana, cha mlembi, cha munthu amene adawerenga mpaka maso kutha. Pano pakoleji tikaona mnzathu wawavala timati uyu ndiye wadya mabuku. Motero tidatembenuza zinthu chadodolido: timayesa mandala mphotho ya kumapeto kwa maphunziro, pamene kwa ana ambiri iwo ndiwo khomo lolowera.

Vuto lake ndi losavuta kumva. Kuwala kukalowa m'diso kumayenera kukasonkhana pamalo amodzi, pa kachikopa kopyapyala kamene kali kumbuyo kwa diso. Diso likatalika pang'ono kupyola muyeso wake, kuwalako kumasonkhana kusanafike pa kachikopako, ndipo munthu amaona bwino zapafupi koma zapatali zimasanduka chizimezime. Likafupika, kuwerenga buku kumatopetsa maso ndi kuwawitsa mutu. Pena mbali ya kutsogolo kwa diso siikhala yobulungira mofanana, ndipo malembo amapindika pafupi ndi patali pomwe. Awa si matenda opatsirana, si ulesi, ndipo si kulodzedwa. Ndi mapangidwe chabe a diso, ndipo galasi losulidwa mwa muyeso limawongola zonse. Choopsa chenicheni chili pa ana aang'ono. Diso limodzi likamapereka chithunzi chosaoneka bwino, ubongo umazolowera kulinyalanyaza, ndipo zikapanda kukonzedwa mwana asanafike zaka 7 kapena 8, kukonza kwake kumavuta, penanso disolo limakhala lofooka moyo wonse. Kuwongola mtengo mpoyamba.

Kupima kwakenso sikofuna nyumba yosanja. Mu 1862 dotolo wa ku Utrecht, Herman Snellen, adakonza chipepala cha malembo, aakulu pamwamba ndi aang'ono pansi, chimene mpaka lero chili pakhoma m'zipatala. Mwana amaima mamita 6 kuchokera pa chipepalacho, n'kutseka diso limodzi, n'kuwerenga kutsika nawo mizere mpaka pamene maso amthera. Pa mphindi zochepa mwadziwa amene ayenera kupita kwa katswiri.

Nanga ngati zili zapafupi chonchi, n'chifukwa chiyani pafunika lamulo? Makolo athu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambiwu ndi woona pa njala, pa malungo, pa dzino lobooka. Koma pa maso ukupunthwa. Mwana wosaona patali samva kuwawa paliponse, ndipo alibe maso ena oti ayerekeze nawo. Iye amayesa kuti mtengo wa tsidya ilo umaoneka chomwecho kwa aliyense, ndi kuti anzake amene akukopera msanga za pa bolodi angomposa nzeru. Mphunzitsi amamuika m'gulu la aulesi; kholo limati mwanayu sukulu siikumuyanja; iye mwini amavomera kuti ndi mbuli. Onse atatu agamula mlandu umene sudazengedwe. Apa ndi pamene nkhani iyi yasiyana ndi zina za umoyo: wovutikayo sadziwa kuti akuvutika, tsono sangapemphe. Ngati chitseko chiti chitsekuke, wotsekula achokere kunja.

Dziko la England lidakumana ndi funsoli kalekale. Pa nkhondo ya ku South Africa ya 1899 mpaka 1902, anyamata ambiri amene adadzipereka kulowa usilikali adabwezedwa chifukwa matupi awo adali ofooka, ndipo boma lidachita mantha. Komiti imene idafufuza nkhaniyi idapereka lipoti lake mu 1904. Mu 1906 mudabwera lamulo lolola kudyetsa ana osauka pasukulu, ndipo mu 1907 Nyumba ya Malamulo idalamula kuti ana a m'sukulu za pulayimale za boma azipimidwa ndi madotolo. Taonani bwino kamangidwe ka lamulolo: kupima lidakuyesa udindo wosathawika, koma kuchiza lidangokuloleza, kuti ofuna achite. Zotsatira zake mutha kuzilota nokha. Madotolo adapeza maso ofooka, mano owola ndi makutu otuluka mafinya, n'kudziwitsa makolo, ndipo makolo ambiri osauka adalibe kolowera nawo uthengawo. Boma lidayamba kupereka ndalama zothandizira kuchiza ana a sukulu mu 1912. Tisaiwalenso kuti chimene chidadzutsa boma sichidali chifundo pa mwana chokha, koma kusowa kwa asilikali ndi antchito amphamvu. Kodi chabwino chochitidwa pa chifukwa chokayikitsa chimaleka kukhala chabwino? Ine ndikuti ayi, koma chimakhala ndi mizu yosazama, pakuti tsiku limene boma lidzasowe nawo ntchito matupiwo lidzaiwalanso maso awo.

Pa 5 Julaye 1948 Britain idayambitsa ntchito ya zaumoyo ya NHS, ndipo mandala adakhala aulere kwa aliyense. Anthu adakhamukira kokapimitsa mwa unyinji wotere kuti ena ankadikira miyezi asanalandire. Izi zidaulula chinthu chimodzi: kusowako kudalipo kale, kudangobisala kuseri kwa mtengo. Koma mu Epulo 1951 nduna ya zachuma, Hugh Gaitskell, pofuna ndalama za zida pa nthawi ya nkhondo ya ku Korea, adaika malipiro pa mandala ndi mano oikirira. Aneurin Bevan, amene adamanga NHS, adatula pansi unduna wake, ndipo Harold Wilson adatuluka naye. Kwa Bevan nkhani sidali kuchuluka kwa ndalamazo koma mfundo yake, yakuti munthu asayambe wafunsidwa za m'thumba mwake asanathandizidwe. Mpaka lero ku England mwana wosakwana zaka 16, kapena wosakwana 19 amene akadali pasukulu, amapimidwa maso kwaulere ndipo amalandira kuponi yothandizira kugula mandala.

Ku America nkhaniyi ili m'manja mwa chigawo chilichonse pachokha. Connecticut idayamba kupima maso a ana a sukulu mu 1899. Zigawo zambiri lero zili ndi malamulo akuti ana azipimidwa mwachidule pasukulu, koma Kentucky mu 2000 idapitirira apo: idalamula kuti mwana wa zaka 3 mpaka 6 amene akulowa sukulu ya boma koyamba apimidwe mokwanira ndi katswiri wa maso, ndipo umboni wake ufike kusukulu pofika pa 1 Januwale. Illinois idatsatira mu 2008, n'kuika tsiku la 15 Okutobala. Kumeneko kholo likalephera kupereka umboni popanda chifukwa chomveka, sukulu ili ndi mphamvu yosunga lipoti la mwanayo, ngakhale iye mwini sathamangitsidwa. Malamulowa adautsa mkangano ngakhale pakati pa madotolo. Ena ankati kupima mwachidule kumaphonya ana ambiri. Ena ankati kutumiza mwana aliyense kwa katswiri n'kumwaza ndalama zimene zikadathandiza ochepa amene alidi ndi vuto. Koma ine chimene chimandikhudza ndi china: m'malamulo amenewa wolamulidwa ndi kholo. Boma lanena, kholo lithamange. N'zoona kuti ana a mabanja osauka ali ndi thandizo la Medicaid limene limalipira kupima ndi mandala omwe. Koma thandizo lolembedwa papepala silikwera basi, silipempha tchuthi kwa bwana, ndipo silidikira pa mzere tsiku lathunthu. Zonsezi amachita ndi mayi amene akajomba kuntchito tsikulo salandira kanthu.

Tsono ndikuona kuti mayankho a funso lathu alipo atatu, ndipo lililonse lili ndi anthu olemekezeka olikhalira kumbuyo.

Loyamba likuti maso a mwana ndi nkhani ya kholo lake. Boma liphunzitse masamu, za m'thupi lisiyire eni mwana. Yankholi si lopusa. Boma limene lazolowera kulowa m'nyumba za anthu m'dzina la chifundo silivuta kulowamo m'dzina la zina, ndipo kholo limene lalandidwa udindo uliwonse limasanduka mlendo kwa mwana wake. Komabe ngakhale John Stuart Mill, amene m'buku lake la On Liberty la 1859 adamenyera ufulu wa munthu kuposa wina aliyense, adasiyanitsa zinthu ziwiri: ufulu wa munthu wamkulu pa moyo wake, ndi mphamvu ya munthu pa moyo wa mnzake. Mphamvu ya kholo pa mwana ili m'gulu lachiwirili. Mill yemweyo adavomereza kuti boma lilamule kuti mwana aliyense aphunzire, ndi kuti lithandize kulipirira ana a osauka. Kuwonjezera apo, amene adayamba kulowerera ndi boma lomwelo, tsiku limene lidati mwana achoke ku ziweto ndi kumunda akakhale kutsogolo kwa bolodi. Kubusa mwana wosaona patali akadatha kukula popanda womutcha mbuli. Ndi sukulu imene yasandutsa mapangidwe a diso lake kukhala chilema. Woitana anthu kumsonkhano wa usiku ndiye ayenera kuyatsa nyali. Sangayambe kukalipira ochedwa chifukwa adapunthwa mu mdima.

Lachiwiri likuti boma lipime, lidziwitse kholo, lilekere pomwepo. Ili ndilo yankho la anthu odekha, osakonda kupyola malire, ndipo ndilo limene malamulo ambiri adasankha chifukwa ndi lotsika mtengo. Ine ndikuliona kuti mwa atatuwa ndilo lovuta kuliteteza pamaso pa chikumbumtima. Mu 1968 akatswiri awiri, Wilson ndi Jungner, adalembera WHO mfundo zoyenera kutsata pofuna kupima anthu amene sadadandaule okha, ndipo imodzi mwa mfundozo ndi yakuti thandizo la opezeka ndi vuto likhalepo. Chifukwa chake n'chomveka. Wodwala akabwera yekha, dotolo amangolonjeza kuyesetsa. Koma dotolo akatsata munthu amene adali phee n'kumuuza kuti bwera ndikupime, walonjeza kale kuti kupimako kumpindulira. Tayerekezani sing'anga amene wabwera pakhomo panu osaitanidwa, waombeza ula, wakuuzani kuti mwana wanu ali ndi chakuti, kenaka walongedza nsupa zake n'kumapita osakumba muzu ndi umodzi womwe. Kodi mungamthokoze? Kudziwa kumasintha mlandu. Munthu wodutsa pafupi ndi chitsime osamva kulira kwa mwana amene wagweramo alibe mlandu. Koma amene wasuzumira, wafunsa dzina la mwanayo, walilemba m'kaundula n'kupitiriza ulendo, ameneyo sanganene kuti sadali nazo kanthu.

Pali chinanso. Kalata isanafike, mayi wosauka adali wosadziwa chabe. Kalata itafika, wasanduka wonyalanyaza. Mwana sadaone bwino ngakhale pang'ono, koma mlandu wasamuka, wachoka pa boma wakatera pa mayiyo. Sindikukana kuti kudziwa kuli ndi phindu lake: mphunzitsi atha kusunthira mwanayo kutsogolo, ndipo kholo lopata litha kugula mandala mawa lomwe. Komatu apa ndi pamene pagona nkhanza yake. Lamulo lopima lokha limathandiza amene ali nazo kale, n'kusiya osowa ali ndi kapepala m'manja. Motero lamulo limene lidabwera kudzafananitsa ana likuwonjezera mpata pakati pawo.

Izi si zongoganizira pa mpando. Mu 2014 magazini ya madotolo ya BMJ idafalitsa kafukufuku amene adachitika m'sukulu za pulayimale 252 za kumadzulo kwa China. Adapima ana pafupifupi 20,000, ndipo mwa ana oposa 3,000 amene adapezeka kuti akufunika mandala, 15 okha pa 100 alionse ndiwo adali nawo. Anawo adagawidwa patatu motsata sukulu zawo: ena adangopatsidwa kapepala ka dotolo kopita nako kwa makolo, ena kuponi yokatengera mandala kuchipatala, ena mandala aulere pasukulu pomwepo. Pakutha pa chaka cha sukulu, ofufuza atafika adapeza kuti mwa a kapepala aja 26 pa 100 ndiwo adavala mandala, pamene mwa olandira aulere adali 41 pa 100. Ndipo olandira aulerewo adakhoza masamu kuposa a kapepala. Phindu lidali lalikulu kwambiri m'makalasi amene aphunzitsi ankadalira bolodi.

Yankho lachitatu, limene ine ndaima nalo, likuti wopima aperekenso. Koma ndinene mosabisa kuti nalonso lili ndi minga yake, ndipo minga yoyamba ili m'manambala omwewa. Ngati ovala adali 41 pa 100, ndiye kuti oposa theka sadavale ngakhale adalandira ulere. Kumidzi ya ku China makolo ndi aphunzitsi ambiri ankakhulupirira kuti mandala amafooketsa maso a mwana, chikhulupiriro chimene si choona koma chili ndi mizu. Mumzinda wa Baltimore ku America, chiyambire 2016, akuluakulu a zaumoyo ndi a sukulu, pamodzi ndi yunivesite ya Johns Hopkins, bungwe la Vision To Learn ndi kampani ya Warby Parker, adayamba kupima ana ndi kuwapatsa mandala pasukulu pomwepo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2021, wa ana oposa 2,000, adapeza kuti patatha chaka chimodzi olandira mandala adapita patsogolo pa kuwerenga kuposa anzawo. Koma patatha zaka ziwiri kusiyanako sikudaonekenso. Ofufuzawo adaganizira kuti mwina mandala adatayika, adasweka, kapena adaleka kuvalidwa. Mandala si katemera wobaya kamodzi n'kuiwala. Mwana amasewera mpira, amagwa, amakula, ndipo diso limakula naye. Lamulo limene limapereka kamodzi, pa tsiku la zithunzi ndi malankhulidwe a nduna, lagula mbiri yabwino, silidagule kuona.

Ndiponso pali pamene lamulo limathera. Litha kugula mandala, koma silingawakoleke pamphuno ya mtsikana wa zaka 12 amene anzake akumseka kuti wasanduka gogo. Pamenepo ntchito yatsala ndi mphunzitsi, kholo, ndi anzake omwewo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, adatero akale. Sadanene za boma, adanena za iwe ndi ine.

Munga wachiwiri ndi waukulu, ndipo sindikufuna kuulumpha. Wina afunsa kuti: zimenezi zidzathera pati? Lero mandala, mawa nsapato, mkuja chakudya cha masana ndi nyali yowerengera usiku. Mwana wanjala nayenso saona bolodi. Boma losauka limene likulimbana ndi malungo, limene lilibe madesiki ndi zimbudzi zokwanira, lingayambe bwanji ndi magalasi? Funsoli ndi lachilungamo, pakuti ndalama imene yapita ku mandala yachoka kwina. Yankho langa ndi lakuti tifunse mafunso atatu pa chinthu chilichonse chimene tikufuna kusenzetsa boma. Kodi popanda chinthucho mwana angathe kuchita chimene boma lomwelo lamlamula? Kodi kholo lingathe kuzindikira vutolo palokha? Kodi mankhwala ake ndi odziwika, otsimikizika ndi osalemetsa? Zinthu zina zimakhoza funso limodzi kapena awiri. Mandala amakhoza onse atatu. Immanuel Kant adaphunzitsa kuti sungaike udindo pa munthu amene sangathe kuukwaniritsa. Kulamula mwana kuti awerenge chimene sangachione ndiko kumuika pa mlandu wotero.

Ndiponso tisamaone mandala ngati mphatso ya chifundo. Bolodi ili ndi mbali ziwiri: ina ili pakhoma, ina ili m'diso la mwana. Boma limagula choko osati chifukwa limakonda fumbi loyera, koma kuti zolembedwa zioneke. Ngati zolembedwazo sizikufika m'diso, ndalama ya choko, ya malipiro a mphunzitsi ndi ya njerwa za kalasi yatayika pa mwana ameneyo chaka ndi chaka, ndipo akabwereza kalasi boma limalipiranso kachiwiri. Mandala ndiwo amatsiriza ntchito ya choko. Malo awo m'buku la ndalama ali pafupi ndi mabuku ndi madesiki, osati pa tsamba la zopempha kwa akufuna kwabwino. Ngati boma silingathe kufikira ana onse nthawi imodzi, kuli bwino lilonjeze pang'ono n'kukwaniritsa, liyambe ndi kalasi imodzi kapena chigawo chimodzi, kupima ndi kupereka ziyendere pamodzi, kusiyana ndi kulemba lamulo lokongola lopima dziko lonse pamene mandala palibe. Mu 2021 maiko a m'bungwe la WHO adagwirizana kuti pofika 2030 chiwerengero cha ofunika mandala amene awapezadi chikwere ndi 40 pa 100 alionse. Taonani kuti muyeso umene adasankha si wa opimidwa, koma wa amene akuona bwino.

Kwathu kuno nkhaniyi siili kutali monga momwe maina a Kentucky ndi Baltimore akumvekera. Mu 1994 sukulu za pulayimale zitakhala zaulere, chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lino likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 lidati pulayimale ndi yokakamiza. Tsono ndife amodzi mwa maiko amene aitana ana kumsonkhano wa usiku uja. Tonse tikudziwa kalasi ya ana oposa 100, ya mabuku osakwanira, mmene bolodi ndiyo buku lokhalo, ndipo wokhala kumbuyo ali kutali nayo ngati kutsidya kwa mtsinje. Ngati ku China phindu la mandala lidakula pamene bolodi idali yodaliridwa, kalasi yotereyi ndiyo ikuwafuna koposa. Akatswiri nawo ayamba kupezeka, pakuti yunivesite ya Mzuzu idayamba kuphunzitsa opima maso mu 2008.

Ndatsala ndi mfundo imodzi, imene ikutikhudza ife amene tikuwerenga masamba ano. Tidafika pano chifukwa tidapambana mayeso a Sitandade 8 ndi a Folomu 4, ndipo timakonda kunena kuti malo athu tidawakhetsera thukuta. Sindikukana thukutalo. Koma John Rawls, m'buku lake la A Theory of Justice la 1971, adatikumbutsa kuti palibe munthu amene adagwirira ntchito mphatso zimene adabadwa nazo, kapena banja limene adabadwiramo; ndipo kuti mwayi umakhala wofanana pokhapokha ana a luso lofanana ndi khama lofanana ali ndi chiyembekezo chofanana. Kutalika kwa diso si khama la munthu. Mayeso amene timati amayesa nzeru amayesanso maso, ndipo amatero mwakachetechete kuyambira Sitandade 1. Ngati mnyamata wina adasiyira sukulu mu Sitandade 4 atakhulupirira kuti ndi mbuli, pamene chimene chidamchepera chidali kagalasi, ndiye kuti mpikisano umene tidapambanawo udali ndi othamanga ena omangidwa nsalu kumaso. Izi sizikutilanda madigiri athu, koma ziyenera kutichotsera matama ndi kutisiyira mangawa.

Mangawawo tidzawabweza bwanji? Mwa ife muli amene mawa adzakhala aphunzitsi, madotolo, maloya, ndi alembi a ku Capital Hill amene adzakonze mapepala opita ku Nyumba ya Malamulo. Tsiku limene pepala lonena za kupima maso a ana lidzafike pa desiki panu, musadzakhutire ndi mutu wake wokoma. Mudzafunse kuti: mwana akapezeka ndi vuto, mandala agula ndani? Awalandirira kuti, pasukulu kapena ulendo wa tsiku lathunthu? Akasweka, awabwezeretsa ndani? Adzapimidwanso liti? Ndipo adzauza ndani makolo kuti mandala saononga maso? Pepalalo likapanda kuyankha mafunso amenewa, mudzadziwe kuti mwagwira lamulo la 1907 litavala malaya atsopano.

Ndipo kwa inu amene mukupita kukaphunzitsa m'sukulu chaka chino, chipepala cha Snellen ndi chingwe cha mamita 6 sizilemera m'chikwama. Katengeni. Koma mudziwiretu kuti mukangoimika mwana kutsogolo kwa chipepalacho, iye n'kulephera mzere wachitatu, simudzakhalanso munthu wongodutsa. Mudzakhala mwasuzumira m'chitsime, ndipo funso lakuti mandala agula ndani lidzakhala lanu.